Musanagule galimoto, funsani ngati ingakokedwe

Kuno ku Chembe tili bwino ndithu, kungoti mwera wavuta sabata ino, ndiye ndiwo zakwera mtengo.

Lero tisiye kaye za mayeso, tikambe za galimoto. Chaka chino chokha anthu anayi andifunsa funso lofanana. Awiri ndi aphunzitsi anzanga amene atenga ngongole ku SACCO, enawo ndi ana anga akale amene akugwira ntchito ku South Africa ndipo akufuna kugulira makolo awo galimoto. Onse akuti: "Aphunzitsi, ndi galimoto iti yotchipa imene ingapirire misewu ya kwathuko?" Amafunsa ine poti ndimaphunzitsa Physics, komanso poti ndili ndi kagalimoto kakale kamene mwana aliyense m'mudzi muno amakazindikira ndi kalilidwe kake kasanaonekere. Yankho langa ndi limodzi kwa onse. Musayambe ndi kufunsa liwiro lake, mtundu wa penti kapena wailesi yake. Yambani ndi kufunsa kuti tsiku limene idzafe, idzachoka bwanji pamalo pamene yaferapo. Paja galimoto yakale ndi yoti idzafa ndithu tsiku lina, ndipo sisankha malo.

Kwa amene simunafikeko kuno, ndifotokoze kaye mmene kulili. Chembe ndi mudzi waukulu wa asodzi umene alendo amautcha Cape Maclear, dzina limene David Livingstone anapereka polemekeza mnzake Thomas Maclear. Mudziwu uli m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Kumaso kwathu kuli nyanja, kumbuyo kuli mapiri. Msewu wotulukira ndi wa makilomita pafupifupi 18 kukafika pa mphambano ya msewu wa ku Monkey Bay, wokwera ndi kutsika, wokhotakhota, anyani ali ndandanda m'mbali. Ukalowa m'mudzi ndi mchenga wokhawokha. Mafuta timakagula ku Monkey Bay. Magalaja okhala ndi zida zokwanira ali ku Mangochi boma, makilomita oposa 60 kuchokera ku Monkey Bay, ndipo sipeya wosowa amachokera ku Limbe kapena ku Lilongwe. Ndiye mwaona kuti pakati pa khomo langa ndi makaniko wodalirika pali mtunda ndithu.

Funso la kukoka lija ndinalitola kwa mlendo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuno kumabwera anthu ambiri a ku South Africa ndi magalimoto awo akuluakulu, ena atamanga tenti padenga, ena akukoka ngolo zogonamo. Chaka china ndinacheza ndi bambo wina wachikulire amene anaima kuti aone kagalimoto kanga. Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha galimoto imene anaisiya kwawo, chinyumba choyenda chimene amachitcha motorhome, m'kati muli bedi, khitchini ndi bafa. Kumbuyo kwake kunali ka Suzuki kakang'ono kolumikizidwa ndi chitsulo cha mphanda chooneka ngati chilembo A. Anati akafika pamalo ogona, chinyumba chija chimaima pamenepo, iwo n'kumasula kakang'onoko kukayenda nako kumsika ndi m'tinjira ta m'tchire mmene chachikulucho sichingalowe. Ku America mchitidwe umenewu ndi wofala kwambiri, ndipo galimoto imene ambiri amakoka ndi Jeep Wrangler. Ndinawafunsa kuti anasankha bwanji kakang'onoko. Anatchula zinthu zitatu: kakhale kopepuka, kakhale ndi giya ya mphamvu ya pamchenga ndi pachitunda, ndipo kathe kukokedwa matayala onse anayi ali pansi popanda kuononga giyabokosi.

Wina anganene kuti zimenezi ndi nkhawa za anthu okhuta. Koma taonani asodzi athu a chilimira madzulo. Boti la injini limanyamula kapena kukoka mabwato ang'onoang'ono mpaka pakati pa nyanja, ndipo kumeneko ndi bwato laling'onolo, ndi siginala wake ndi nyali zake, limene limaitana usipa. Chachikulu chimafikitsa, chaching'ono chimagwira ntchito imene chachikulu sichingathe. Kusiyana kwa ife ndi mlendo uja n'kwakuti iye amakoka galimoto yake mwa kufuna, pamene ife yathu imakokedwa mwa tsoka, kumbuyo kwa lole ya usipa kapena pikapu ya matola. Koma zitsulo za m'giyabokosi sizidziwa kuti akukoka ndi wolemera kapena wosauka. Zinthu zitatu zimene anatchula zija ndi zomwezo zimene mphunzitsi wa ku Chembe ayenera kuyang'ana.

Tsopano ndilowe m'kalasi pang'ono. Amene munali mu Fomu 3 mukukumbukira phunziro la friction, tikukhuzitsa manja mpaka atenthe. Giyabokosi ya automatic imadalira pampu ya oyilo imene imayendetsedwa ndi injini. Injini ikazima, pampu nayonso yaima. Ndiye mukamakoka galimoto yotere matayala ake akuzungulira pansi, zitsulo zam'kati zimazungulira popanda oyilo wokwanira, zimatentha, zimadyana. N'chifukwa chake mabuku a magalimoto ambiri a automatic amachenjeza kuti ikakokedwa choncho ukhale mtunda waufupi ndiponso pang'onopang'ono, apo ayi inyamulidwe pa lole. Za CVT, monga ma Sienta ambiri, ndi za hybrid monga Toyota Aqua, n'zosalolera kwambiri kuposa pamenepa. Giyabokosi ya manual ikakhala pa neutral imapirira bwino kukokedwa. Ilinso ndi mwayi wina umene tonse timaudziwa: batire ikatha, anyamata anayi akankha, mwaika giya yachiwiri, mwasiya kilatchi, injini yalira. Automatic mungaikankhe mpaka ku Golomoti, siidzalira.

Magalimoto enieni a m'tchire ali ndi kabokosi kachiwiri ka magiya kotchedwa transfer case. Mumakazindikira ndi kandodo kakang'ono pafupi ndi ndodo ya giya, kolembedwa 2H, 4H, N ndi 4L. Pa 2H matayala akumbuyo okha ndiwo amakoka, ndipo mafuta sapita ambiri. Pa 4H onse anayi amakoka. Pa 4L liwiro limatsika koma mphamvu yofika kumatayala imawirikiza pafupifupi kawiri, ndipo imeneyi ndiyo imakutulutsani mumchenga wa pagombe kapena m'matope a mu Febuluwale. Chilembo N chija ndicho chuma cha mlendo uja: chimalekanitsa matayala ndi giyabokosi, moti galimoto imangogudubuzika ngati ngolo. Magalimoto monga RAV4 ndi X-Trail, ngakhale ena amalembedwa 4WD kumbuyo, alibe 4L ndipo alibe kandodo kameneka. Ndi abwino pamsewu wafumbi, koma ndi mtundu wina wa galimoto.

Ndikuuzeni zimene zinachitikira mnzathu wina amene tinkaphunzitsa naye limodzi. Anagula galimoto yokongola ya automatic ndi ngongole ya zaka zitatu, yonyezimira moti ana ankadziyang'anirapo nkhope. Tsiku lina inazima pachitunda chifukwa cha pampu ya petulo, kanthu kakang'ono koti makaniko amasintha tsiku limodzi. Panalibe lole yoti n'kuinyamula, ndiye anaimanga ndi chingwe kumbuyo kwa lole ya nsomba mpaka ku Mangochi. Itafika, pampu anasinthadi, injini inalira, koma galimoto sinasunthe. Giyabokosi inali itapsa m'njira. Mtengo wa ina unaposa malipiro ake a miyezi ingapo. Galimoto ija inatha zaka ziwiri ili pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo, mwini wake akudulidwabe ngongole mwezi ndi mwezi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amakaniko odziwa amati pa galimoto yokoka ndi matayala akumbuyo, njira yake ndi kumasula propshaft musanayambe kukoka. Ndi ntchito ya mabawuti ochepa chabe, koma ndi angati amene amaganiza zimenezi usiku pachitunda?

Nanga ndi magalimoto ati amene ndimawatchulira anthu? Ndiyambe ndi Suzuki Jimny. Kampani ya Suzuki inayamba kupanga galimotoyi mu 1970, ndipo zambiri zimene timaziona kuno ndi za m'badwo umene unapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2018. Ilipo ya injini ya 660cc, ya msika wa ku Japan, ndi ya 1300cc. Imalemera pafupifupi tani imodzi basi, ndipo mimba yake imatalikirana ndi nthaka ndi masentimita pafupifupi 20. Pamchenga imayandama pamene zikuluzikulu zikutitimira. Vuto lake ndi malo: anthu anayi, ndipo mukafuna kunyamula matumba a chimanga, awiri akumbuyo atsike. Zina za zaka zakumapeto kwa m'badwo umenewu zili ndi mabatani m'malo mwa kandodo kaja, ndiye yang'anani bwino musanalipire.

Mitsubishi Pajero Mini, imene inapangidwa kuyambira 1994 mpaka 2012, imakopa anthu chifukwa cha mtengo ndi dzina lakuti Pajero. Koma injini yake ndi ya 660cc, ndipo ikanyamula anthu anayi ndi katundu pa zitunda zathuzi imachita kupumira m'mwamba. Mkulu wake, Pajero iO ya 1998 mpaka 2007, ili ndi malo okwanira ndi 4L, koma zambiri zili ndi injini ya GDI, imene imafuna petulo waukhondo ndi makaniko woidziwa. Kwa munthu amene nthawi zina amathira petulo wa m'zigubu, pamenepo pamafunika kuganiza kawiri.

Yanga ine ndi Suzuki Escudo, imene ena amaitcha Vitara, ya injini ya 1600cc, ya manual, ya zitseko zisanu, yopangidwa m'zaka za m'ma 1990. Mtundu umenewu unayamba mu 1988, ndipo mibadwo iwiri yoyamba, mpaka 2005, ili ndi chassis yolimba yapayokha ndi kandodo kaja. Ku America inkagulitsidwa ndi mayina akuti Suzuki Sidekick ndi Geo Tracker, ndipo eni ma motorhome ankaikonda pa chifukwa chomwechi cha kukoka. Ndinaigula kwa bambo wina wopuma pantchito ku Zomba, itayenda kale m'Malawi muno zaka zambiri. Si yokongola. Penti inasuluka ndi dzuwa, ndipo zenera lina limatsegulidwa ndi pulayala. Pa zaka zisanu yakokedwapo kawiri, kamodzi mpaka ku Monkey Bay, kachiwiri mpaka ku Mangochi, ndipo maulendo onse awiri inabwerako yokha ndi giyabokosi yake yomweyo.

Mfumu ya onse ndi Toyota Hilux, palibe wotsutsa. Yakhalapo kuyambira 1968, za ku South Africa zimapangidwa ku Durban, ndipo makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amaidziwa ngati chikhatho chake. Koma Hilux sitsika mtengo ngakhale itakalamba chotani, ndipo malipiro a mphunzitsi safikako pokhapokha ngati pali geni ya pambali. Kwa inu a ku Joni, kuli ka Nissan 1400, kapikapu kamene kanapangidwa kumeneko mpaka 2008. Ndi kosavuta kukonza, ndi ka manual, kamanyamula usipa bwinobwino. Kungoti kamakoka ndi matayala akumbuyo okha, ndiye kakakhala kopanda katundu kamapalasa pamchenga. Ikanimo matumba awiri a mchenga kumbuyo kuti kagwire pansi.

Ndinenenso chilungamo apa, poti wakutsina khutu ndi mnansi. Si aliyense amene akufunika galimoto ya matayala anayi okoka. Ngati ulendo wanu ndi wa Chembe, Monkey Bay, Mangochi basi, Toyota Probox ikukwanirani. Yakhala ikupangidwa kuyambira 2002, imamwa mafuta pang'ono, ndipo sipeya wake ali paliponse. Mukapeza ya manual ndiye mwapata. Ya matayala anayi ndi ya munthu amene amapita ku Msaka, ku Malembo kapena kuminda ya ku Nankumba nthawi ya dzinja. Imamwa mafuta ochulukirapo, ndipo ili ndi zitsulo zambiri zoti n'kuonongeka. Amene tinaima pamizere ya mafuta mu 2011 ndi 2012, n'kudzaimanso kuyambira 2022, tikudziwa kuti lita iliyonse ndi nkhani.

Tibwere ku ndalama. Mtengo umene mumauona pa intaneti kwa ogulitsa a ku Japan ndi chiyambi chabe. Pamwamba pake pali sitima yofikitsa galimoto ku Dar es Salaam, wothandiza kuichotsa padoko, dalaivala ndi mafuta a makilomita oposa 900 mpaka pachipata cha Songwe, kenaka ulendo wotsika ndi nyanja yonse kudzera ku Karonga, Nkhotakota ndi Salima. Pali msonkho wa MRA, umene umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndiye kuti yakale kwambiri imalipitsa gawo lalikulu. Pali kulembetsa ku Road Traffic, inshuwalansi ndi COF. Zambiri mwa izi zimatsata dola. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Amene anali atasunga ndalama zaka zitatu anadzuka m'mawa galimoto yawo itasanduka njinga yamoto. N'chifukwa chake ine ndimati kwa mphunzitsi, galimoto imene inalembetsedwa kale m'Malawi muno, yoti mungaione ndi maso, kuigwira ndi manja ndi kulipira m'makwacha, nthawi zambiri ndiyo njira yopanda mantha.

Pokaiona musapite nokha, safunsa anadya phula. Tengani makaniko amene adzaikonze, osati amene wabwera ndi wogulitsa. Yerekezani nambala ya chassis ndi imene ili pa mapepala, ndipo kusintha umwini kuchitike ku Road Traffic, osati pa kapepala ka m'kope kolemberana pa bala. Ngati ikuchokera ku South Africa, mapepala a apolisi osonyeza kuti si yobedwa akhalepo. Gwadani pansi muyang'ane dzimbiri, chifukwa kumpoto kwa Japan amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu ndipo umadya chassis. Ipititseni pamchenga, ikani 4L, mumve ngati ikugwiradi. Zina kandodo kalipo koma m'kati munatha kalekale. Yang'anani ngati kutsogolo kuli ngowe yolimba yomangapo pokoka. Ndipo musathere ndalama zonse pa kugula. Siyani gawo limodzi mwa magawo anayi la matayala, batire, timing belt ndi oyilo, chifukwa wogulitsa aliyense amagulitsa zimenezi zitatsala pang'ono kutha.

Chinthu chomaliza chimene ndimalimbikitsa ndi chitsulo chokokera. Injini ikazima, mabuleki amauma ndipo chiwongolero chimalemera, chifukwa zonsezi zimathandizidwa ndi injini. Pamalo otsetsereka ngati olowera m'mudzi muno, galimoto yomangidwa ndi chingwe imathamangira yakutsogolo n'kuigunda, kapena chingwe chimaduka. Wowotcherera wa ku Monkey Bay anandipangira chitsulo cha paipi yolimba, chotalika pafupifupi mamita awiri, chokhala ndi maso mbali zonse. Chimakhala m'galimoto pamodzi ndi fosholo ndi pampu ya matayala. Pampuyo ndi ya pamchenga: mukatitimira, phwetsani matayala pang'ono kuti atambalale, mukatuluka n'kupopanso. Chitsulocho chabwerekedwa ndi anthu ambiri kuposa buku lililonse la m'nyumba mwanga.

Mwina mukudabwa kuti n'chifukwa chiyani ndikulimbikira chonchi pa nkhani ya zitsulo. Chifukwa chake n'chakuti m'mudzi ngati uno galimoto ya mphunzitsi sikhala ya mphunzitsi yekha. Walira mvula walira matope. Tsiku limene mwaiimika pakhomo, mwalowa kale m'gulu la anthu ogogoderedwa usiku. "Aphunzitsi, pepani takudzutsani, mlongo wanga matenda akula." Mayi woyembekezera amene zinthu zavuta amafunika kufika kuchipatala cha Monkey Bay, mwinanso mpaka ku Mangochi. Mwana amene malungo amukomola sadikira matola a m'mawa. Maliro akachitika, amfumu amatumiza mnyamata kwa inu. Simungakane, ndipo mumtima simufunanso kukana. Pa nthawi ngati imeneyo chimene chimafunika ndi galimoto yoti ilire, ndipo ikakana kulira, achibale a wodwalayo akankhe ilire. Ikakhala kugalaja miyezi itatu kudikira sipeya wochokera ku Dubai, si inu nokha amene mumayenda pansi.

Asodzi athu anazindikira zimenezi kalekale. Mukayenda pagombe muona kuti maboti ambiri ali ndi injini za Yamaha, osati chifukwa palibe zina zokongola, koma chifukwa mnyamata aliyense wa padoko amatha kuimasula ndi kuibwezera, ndipo pulagi yake imapezeka pafupi. Inunso ana anga a ku Joni, pogulira bambo anu galimoto, musaganize za chithunzi chimene mudzaike pa Facebook. Ganizani za bambo anuwo ali okha pachitunda, dzuwa likulowa, foni ilibe netiweki. Agulireni imene makaniko wa ku Mangochi akaiona samwetulira mokayika, ya manual ngati n'kotheka, ndipo m'kati muikemo chitsulo chokokera.

Basi ndilekeze pano, makope a Fomu 4 akundidikira patebulo. Moni kwa onse kunyumba, ndipo mukabwera pa Khirisimasi mudzandipeze, tidzakwere limodzi mpaka ku Otter Point. Mukadzamva kuti yakana kulira, mukudziwa kale ntchito yanu.